Pa Njinga M'njira Yakale ya Sitima: Ulendo wa ku Monsal

Njanje ikaleka kuyendamo sitima, mathero ake amakhala odziwikiratu. Zitsulo amazizula, tchire limamera pamene padali msewu, nyumba za pa siteshoni zimasanduka mabwinja, ndipo ukapita mbadwo umodzi ana a m'deralo sadziwanso kuti kuseri kwa mudzi wawo kudali kudutsa sitima. Koma m'maiko ena anthu adaganiza mosiyana. Adati ngakhale zitsulo zachoka, msewu umene makolo awo adaukumba ndi thukuta usafe ayi. Ausalaze, authire miyala yosinja, kuti oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera akavalo aziyendamo mwaulere. Umodzi mwa misewu yotere ndi umene amautcha Monsal Trail, m'chigawo cha Derbyshire, chapakati pa dziko la England. Umenewu ndiwo ndifuna kukusimbirani lero, inu aphunzitsi anzanga ndi inu achinyamata amene mwangotsiriza sukulu.

Pa ulendowu tidalipo anthu anayi. Atatu tidali pa maphunziro a uphunzitsi mu mzinda wa Sheffield: ine, mnzanga wina wa ku Chipata m'dziko la Zambia, ndi Mngelezi wina wophunzitsa za maonekedwe a dziko, amene kwawo ndi ku Derbyshire komweko. Wachinayi adali mayi wina wa ku Dedza, namwino wogwira ntchito mu mzinda womwewo. Tchuthi cha masiku awiri chitapezeka m'mwezi wa Juni, Mngeleziyo adatiuza kuti tikabwereke njinga tikaone kwawo. Mnzanga wa ku Chipata adaseka nati, "Achimwene, mukuti tilipire ndalama kuti tikatope?" Funso lakelo silidali lopusa. Kwathu njinga ndi ya ntchito: imasenza makala ndi matumba a chimanga, imapereka odwala kuchipatala, imadyetsa mabanja a anyamata a kabaza. Kuipalasa popanda kumene ukupita kumaoneka ngati masewera a ana. Komabe tidapita.

Chifukwa Chake Njanje Imakomera Njinga

Msewu wa Monsal ndi wotalika mamailosi 8 ndi theka, ndiye kuti pafupifupi makilomita 14. Umayambira pafupi ndi tauni ya Bakewell nukathera pa malo otchedwa Blackwell Mill, kufupi ndi tauni ya Buxton, ndipo mbali yaikulu umatsata chigwa cha mtsinje wa Wye. Dzikolo ndi la mapiri ndi zigwa zozama. Munthu wolitulukira koyamba angayese kuti wopalasa njinga azingotsika n'kumakankha, koma sizili tero, ndipo chifukwa chake ndi phunziro labwino la sayansi.

Gudumu la sitima ndi lachitsulo, ndipo limayenda pa chitsulo chinzake. Zitsulo ziwiri zosalala sizigwirana kwambiri, n'chifukwa chake injini imodzi imatha kukoka mabogi ambiri olemera pa malo athyathyathya. Koma pa chifukwa chomwecho, ikafika pa chitunda chachikulu magudumu amangoterereka. Tsono omanga njanje sakwera phiri monga achitira omanga misewu ya galimoto. Akapeza phiri amaliboola kapena kulidula pakati, akapeza chigwa amamangapo mlatho kapena kuunjikapo dothi. Njanje ya m'chigwa cha Wye idali kukwera pafupifupi mita imodzi yokha pa mamita 100 alionse. Kwa sitima za malasha chimenecho chidali chitunda chotopetsa, koma kwa wopalasa njinga n'chosamveka m'miyendo. Motero ntchito imene amisiri adagwirira sitima zaka zoposa 160 zapitazo, lero ikupepukitsa ulendo wa agogo ndi adzukulu awo.

Njanjeyi idatsegulidwa m'chaka cha 1863 ndi kampani ya Midland Railway, ndipo pambuyo pake idakhala njira yaikulu ya kampaniyo yolumikiza London ndi Manchester. Siidadutse mwamtendere ayi. Eni malo awiri olemera adaikhotetsa monga adafunira. Mmodzi, Duke of Rutland, sadafune kuona sitima kapena utsi wake ali m'nyumba yake ya Haddon Hall, choncho amisiri adakumba ngalande yaitali, adayalamo njanje, naivundikira pamwamba kuti ibisike. Winayo, Duke of Devonshire wa ku Chatsworth, adammangira siteshoni yokongola pa Hassop, kutali ndi kumene kudali anthu ambiri. Sitima zidayenda zaka 105. Magalimoto atachuluka, boma lidayamba kutseka njanje zambiri, ndipo iyi idatsekedwa mu 1968. Akuluakulu oyang'anira malo otetezedwa a Peak District, amene adali oyamba a mtundu wotere m'dziko la Britain pamene adakhazikitsidwa mu 1951, adautenga msewuwo nautsegulira anthu mu 1981.

Mu Mdima ndi Pamwamba pa Chigwa

Ife tidakwera basi kuchokera ku Sheffield kufika ku Bakewell, ndipo tidayenda pansi mpaka pa Hassop, pamene siteshoni ya mfumu ija idasanduka malo odyera ndi obwereketsako njinga. Atatipatsa njinga ndi zipewa zolimba, Mngelezi uja adatilangiza malamulo a m'njiramo: kuyenda cha kumanzere, kuliza belu tisanapitirire oyenda pansi, ndi kuchepetsa liwiro tikakumana ndi kavalo kapena galu. Poyamba msewu udadutsa m'madambo odyetsamo nkhosa, ogawidwa ndi mipanda ya miyala yosanjikiza popanda matope kapena simenti. Titapitirira siteshoni yakale ya Great Longstone, makoma a thanthwe adayamba kukwera mbali zonse ziwiri, mphepo yozizira idatiomba kumaso, ndipo patsogolo pathu padaoneka khomo lakuda la mphanga ya Headstone.

Mphanga imeneyi ndi njira yoboola phiri, yotalika pafupifupi theka la kilomita. Kwa zaka 30 chitsegulire msewuwo, iyo ndi zinzake zitatu zazitali zidali zotseka chifukwa choopa ngozi, ndipo oyenda pansi adali kulambalala m'tinjira ta m'mapiri, pamene a njinga adali kungobwerera. Zidakonzedwa ndi kutsegulidwa m'mwezi wa Meyi mu 2011, ndipo adaikamo nyali zoyaka masana onse. Ngakhale zili tero, mayi wa ku Dedza adaima pakhomo nati, "Abale, ine kulowa m'dzenje ndili moyo sindidazolowere." Mnzathu wa ku Chipata adamuyankha kuti, "Tiyeni achemwali, kuyenda awiri si mantha, nanga anayi?" Tidalowa mondondozana. M'katimo mudali mozizira ngati m'mawa wa ku Dedza komweko, madzi adali kudontha kuchokera kudenga, ndipo kulira kwa mabelu athu kudali kubwerera kwa ife kuchokera m'makoma. M'mwamba mudali mukuonekabe mwaye wa sitima zimene zidaleka kudutsa kalekale.

Potuluka m'mphangamo, munthu amangozindikira kuti ali m'malere. Msewu umatulukira pa mlatho wa Headstone, wotalika pafupifupi mamita 90, wokhala pa zipilala zamiyala zolumikizidwa ndi makoma asanu opindika ngati uta. Pansi patali mtsinje wa Wye ukuyenda mokhotakhota pakati pa msipu wobiriwira, ndipo mbali zonse mapiri avala mitengo. Apa ndi pamene aliyense amatsika pa njinga. Lero chithunzi cha mlathowu ndicho chimakopa alendo ku Derbyshire, komatu pamene unkamangidwa ena adauona ngati chilonda. John Ruskin, mlembi wotchuka wa nthawi imeneyo, adadzudzula kolimba anthu amene adaphulitsa matanthwe ndi kuunjika dothi m'chigwa chokongola chotere, chifukwa chongofuna kufupikitsa ulendo wa pakati pa matauni awiri. Patapita zaka pafupifupi 100, mu 1970, boma lidaika lamulo loteteza mlatho womwewo kuti wina asaugwetse. Chimene agogo adachitemberera, adzukulu adachiikira mlonda. Mfundo imeneyi ndiyenera kuibwereranso kumapeto.

Ana a M'mafakitale a Thonje

Kuchokera pa mlathowo msewu umayenda m'mbali mwa phiri, ndipo munthu akayang'ana pansi amaona nyumba yaikulu ya mawindo ambiri m'mphepete mwa mtsinje. Imeneyo ndi fakitale yakale ya thonje ya Cressbrook. Patsogolo pake, mutadutsa mphanga zina ziwiri, pali inzake ya Litton. Zonse ziwiri lero zidasanduka nyumba zogonamo anthu, zamaluwa pakhomo, ndipo wodutsa mofulumira sangadziwe kanthu. Koma akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tidatsamiritsa njinga pa mpanda, ndipo Mngelezi uja adatisimbira mbiri yake.

Mafakitalewa ndi akale kuposa njanje. Adamangidwa m'chigwa chobisika chotere chifukwa makina opota thonje adali kuyendetsedwa ndi gudumu lalikulu lozunguzidwa ndi madzi a mtsinje. Madzi adalipo, koma anthu ogwira ntchito adali ochepa. Ellis Needham, amene adayambitsa fakitale ya Litton mu 1782, adapeza njira yotsika mtengo: kutenga ana amasiye ndi ana a amphawi m'nyumba zosungiramo osauka za ku London ndi kwina, pa pangano loti adzagwira ntchito ngati ophunzira mpaka atakwana zaka 21. Mmodzi wa ana amenewa adali Robert Blincoe, amene adachotsedwa ku London mu 1799 ali ndi zaka ngati 7, nayamba wagwira ntchito pa fakitale ina kufupi ndi Nottingham asanamtumize ku Litton. Mbiri ya moyo wake idasindikizidwa mu 1828. Imasimba za ntchito yoyamba kusanache ndi kutha usiku, za kukwapulidwa, za zala zodulidwa ndi makina, ndi za njala yofikitsa ana pa kuba chakudya cha nkhumba. Olemba mbiri ena amati zina mwa izo zidakokomezedwa, koma nkhani zotere ndizo zidautsa mitima ya anthu, ndipo mu 1833 nyumba ya malamulo idaletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 9 m'mafakitale a thonje, idachepetsa maola a ana okulirapo, niikanso anthu oyendera mafakitale.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife monga ingaonekere. David Livingstone, amene ana athu amamuphunzira m'kalasi, adayamba ntchito ali ndi zaka 10 pa fakitale ya thonje ya ku Blantyre m'dziko la Scotland, kulumikiza ulusi woduka kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenaka n'kumapita ku sukulu ya usiku. Dzina la mzinda wathu wa Blantyre lidachokera ku mudzi wa fakitale umenewo. Mayi wa ku Dedza, amene adakhala chete nthawi yonseyi akuyang'ana mawindo aja, adangoti, "Kwathu ana otere sali m'buku ayi, ali m'minda ya fodya." Palibe adayankha. Ife aphunzitsi tikudziwa mipando imene imakhala yopanda anthu m'kalasi nyengo yothyola ndi kusoka fodya ikafika, ngakhale lamulo la dziko lathu limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14.

Siteshoni Yaikulu Pakati pa Tchire

Titapalasa pang'ono tidaoloka mtsinje pa milatho iwiri yoyandikana, wachiwiriwo womangidwa mu 1905 sitima zitachuluka, ndipo tidafika pa Millers Dale. Mudzi wake ndi waung'ono, koma siteshoni yake idali yaikulu, chifukwa apa ndi pamene opita ku Buxton adali kutsika m'sitima ya ku Manchester ndi kukwera ina. M'zaka za 1960 mpaka 1966 padali kudutsa sitima yothamanga ya anthu olemera yotchedwa Midland Pullman. Tsopano pamene padali kuima anthu ovala masuti pamamera maluwa akutchire, ndipo ife tidakhala m'mphepete mwake miyendo ili lende pamene padali zitsulo, tikudya buledi ndi kumwa tiyi wa m'fulasiki.

Chakumadzulo kwa siteshoniyo kuli ng'anjo zikuluzikulu zootcheramo miyala ya laimu, zimene zidagwira ntchito kuyambira 1880 mpaka 1944. Apa mnzathu wophunzitsa za dziko adasanduka mphunzitsi weniweni. Adatola kamwala kotuwa natisonyeza timizere tozungulira ngati mikanda. Timeneto, adatero, ndi zotsalira za tizilombo ta m'nyanja. Zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo dera lonseli lidali pansi pa nyanja yofunda, yosazama, ndipo zigoba za zamoyo zake zidaunjikana mpaka kusanduka thanthwe. Anthu adali kuswa thanthwelo, kulithira m'ng'anjo kuchokera pamwamba mosanjikiza ndi malasha, ndi kuliotcha pa moto wofika madigiri 900; mpweya ukachoka m'mwalamo pamatsala laimu, amene adali kumpakulira pansi. Sitima idali kubweretsa malasha ndi kutenga laimuyo kupita naye ku minda, ku mafakitale a zitsulo ndi a mankhwala. Phunziro limene timalemba pa bolodi ndi choko m'mphindi zisanu, apa lidali chiimire patsogolo pathu, lalitali kuposa tchalitchi.

Chigawo chotsiriza ndicho chokongola koposa. Chigwa chimapanikizika, matanthwe oyera amaima chilili, ndipo msewu umangotuluka m'mphanga kulowa pa mlatho, kuchoka pa mlatho kulowanso m'mphanga, mpaka pa Blackwell Mill. Pobwerera njinga zidali kungoyenda zokha, poti tsopano tidali kutsika kachitunda kaja. Tidafika ku Bakewell dzuwa lidakalipo, pakuti m'mwezi wa Juni kumeneko sililowa mpaka itapitirira 9 koloko. M'mawa mwake tidayendera tauniyo: mlatho wake wamiyala wa zaka pafupifupi 700 umene magalimoto akudutsapobe, mitanda yosema yakale kwambiri ya pa tchalitchi cha All Saints, ndi chakudya chotsekemera cha mazira ndi jamu chimene chimatchedwa ndi dzina la tauniyo.

Mkangano wa pa Chakudya

Koma chimene chidatsala m'mutu mwanga ndi mkangano umene udabuka madzulo a tsiku loyamba, tili pa chakudya. Ku Matlock sitima zimafikabe, ku Buxton zimafikanso, koma pakati pa matauni awiriwa njanje idaduka. Alipo anthu a m'deralo amene akhala akupempha kuti ilumikizidwenso, kuti apaulendo asamazungulire, ndiponso kuti miyala ya m'migodi ya kufupi ndi Buxton ichepe m'misewu ya galimoto. Alipo enanso amene akukana, poti sitima ikabwerera, m'mphanga ndi pa milatho simudzakhalanso malo a njinga.

Mnzathu wa ku Chipata adali mbali ya sitima. "Ife," adatero, "njanje yochokera ku Mchinji tidaidikira kuyambira 1982 mpaka 2010. Inu mudali nayo kale, mudaizula, ndipo mukuseweretsapo njinga. Madzi saiwala khwawa, sitima idzabwerera." Mngelezi uja adayankha modekha kuti sitima yothamanga siima pa Litton kapena pa ng'anjo zija, imanyamula anthu a ku London ndi a ku Manchester, amene chigwacho amachiona mphindi zochepa pa windo. Lero, adatero, mwana wa m'tauni amene kwawo kulibe bwalo amaphunzira kupalasa njinga kumeneko popanda kuopa galimoto, munthu woyenda pa mpando wa magudumu amafika pamwamba pa mlatho, ndipo eni timasitolo ta m'midzi amadya chifukwa cha alendowo.

Onse awiri adali ndi mfundo, ndipo ine sindidzaweruza mlandu wa eni dziko. Chimene ndidaona ndi ichi: iwo akutha kukangana lero chifukwa choti msewuwo ulipo. Akadaugawa mu 1968, uyu n'kumangapo nyumba, uyo n'kulimapo, milatho n'kuigwetsa kuti atengepo miyala, sipakadakhala njira ya njinga, ndipo sipakadakhalanso poyambira kukamba za sitima. Chinthu chosungidwa chimasiyira adzukulu ufulu wosankha. Chinthu chophwasulidwa chimawasankhira kale. Ruskin adaona chilonda, a m'zaka za 1960 adaona chinthu chotha ntchito, a lero akuona chuma. Mbadwo uliwonse umaona ndi maso ake, ndipo palibe umene umadziwa chimene wotsatira wake adzafune.

Sindikunena kuti kwathu tizule njanje kuti tizipalasapo njinga. Ife sitima tikuzifunabe, ndipo tikuzifuna zambiri. Ndikunena za mtima wosunga, ndi za chizolowezi choyenda pang'onopang'ono ndi maso otsegula. Kufupi ndi sukulu iliyonse kuli chinthu chakale chimene chikuwonongeka anthu akuona: nyumba ya misoni, boma lakale, siteshoni yosiyidwa, msewu wa makolo, ng'anjo yosungunuliramo chitsulo, phanga la zojambula za anthu akale. Aphunzitsi anzanga, sankhani Loweruka limodzi pa teremu, sonkhanitsani njinga zimene zilipo, mutenge ophunzira anu pamodzi ndi mkulu wa m'mudzi wodziwa mbiri, mukaime pa malo otere kufikira ana atayamba kufunsa mafunso. Ndipo inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukudikira zotsatira za mayeso, itanani anzanu awiri kapena atatu, mupope matayala, mukaone boma lanu lomwe. Mudzabwerako mutatopa, monga adaneneratu mnzanga wa ku Chipata, koma mwana amene waima pa malo namva mbiri yake sadzakhala woyamba kugumulapo njerwa.